Phokoso limene ndinalitola pa kaunjika

Ndiulule kaye tchimo langa: tisheti ndinayamba kuivala ndisanamvepo nyimbo ngakhale imodzi. Inali yakuda, yosuluka pang'ono, ili ndi kankhope kachikasu ka maso a ma X awiri ndi lilime lotulukira pambali. Pamwamba analembapo NIRVANA. Ndinaitola pa kaunjika Loweruka lina m'mawa atangotsegula belo, ndipo ndinaigula chifukwa inkandikhala bwino, basi.

Ndinaivala miyezi ingapo popanda vuto, mpaka tsiku lina mu minibasi bambo wina wa imvi zapatalipatali anandiyang'ana pachifuwa n'kumwetulira. "Achemwali, mwa nyimbo za anyamata amenewa mumakonda iti?" Ine kakasi. Ndinkayesa kuti Nirvana ndi kampani ya zovala. Ndinayankha kuti "zonse", bamboyo n'kungogwedeza mutu mwaulemu, ulemu wake uja wopweteka kuposa kukuseka. Usiku womwewo ndinagula bandulo n'kulemba dzinalo pa YouTube. Choyamba kutuluka chinali "Smells Like Teen Spirit".

Ngati simunaimvepo, imayamba chonchi: gitala yokhayokha, youma, makodi anayi. Musanaganize n'komwe zochepetsa voliyumu, ng'oma zimagwa ngati munthu wagubuduza mapoto onse a m'khitchini, ndipo chilichonse chimaphulika. Kenako zii. Kumatsala besi, ng'oma zoyenda mwakachetechete, ndi timawu tiwiri ta gitala tolira ngati belu lakutali. Woimbayo amang'ung'udza ngati munthu wongodzuka kumene. Mukangoti mtima ukhale pansi, aphulikanso, tsopano akukuwa mpaka kukhosi kukuchita kumveka kuti kukung'ambika. Mphindi zisanu. Ndinaibwereza kanayi usiku umenewo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditamaliza digiri, ndili pakhomo pa makolo, makalata ofunsira ntchito ndikutumiza ngati ndikufesa mapira pathanthwe. Aliyense wobwera kunyumba funso linali lomwelo: "Nanga ntchito ija?" Ine kumwetulira, kugwada, kupereka madzi osamba m'manja, n'kuyankha kuti tikudikira nthawi ya Mulungu. Ambiri mwa ife tinaleredwa kuti mwana wamakhalidwe sakweza mawu, makamaka akakhala wamkazi. Sindikudandaula za maleredwe amenewo. Koma mkwiyo umene sunapatsidwe mpando pabalaza suchoka m'nyumba, umakagona kuchipinda. Nyimbo imene ija inayenda ndendende mmene masiku anga ankayendera: phee pamaso pa anthu, chimkuntho m'kati. Mawu ake ambiri sindinkawamva n'komwe, ndipo ndinadzadziwa kuti ngakhale a ku America enieniwo ankavutika kuwamva. Sizinandisokoneze.

Anyamata atatu ndi mafuta a kukhwapa

Nirvana inayambira ku Aberdeen, tauni yaing'ono ya mvula ndi macheka a matabwa m'chigawo cha Washington ku America. Kurt Cobain, woimba ndi kuliza gitala, ndi Krist Novoselic wa besi anaiyambitsa mu 1987. Chimbale chawo choyamba, Bleach, chinatuluka mu 1989 ku kampani yaing'ono ya ku Seattle yotchedwa Sub Pop, ndipo kuchijambula kunangodya madola 600 ndi kakusefukira pang'ono. Oimba ng'oma anasinthasintha mpaka mu 1990 pamene Dave Grohl analowa.

"Smells Like Teen Spirit" inatuluka ngati single pa 10 September 1991, patatsala masabata awiri kuti chimbale cha Nevermind chituluke. Anaijambulira ku Sound City ku California, woyendetsa ntchito yojambulayo ali Butch Vig. Kampani yawo yatsopano, DGC, sinkayembekezera zazikulu. Koma nyimboyo inakwera mpaka nambala 6 pa tchati cha Billboard Hot 100 ku America ndi nambala 7 ku Britain, ndipo mu January 1992 Nevermind inachotsa Dangerous ya Michael Jackson pa nambala 1. Taganizani: Michael Jackson, kugwetsedwa ndi anyamata ovala majuzi obooka. Lero vidiyo yake, ija ya ana asukulu osokoneza msonkhano wa masewera m'holo yodzaza utsi, inadutsa kalekale ma view 1 biliyoni pa YouTube.

Dzina lake lili ndi nthabwala. Kathleen Hanna wa gulu la Bikini Kill, mnzake wa Cobain, analemba pakhoma kuti Kurt akununkhira Teen Spirit. Cobain anaona ngati ndi mawu ozama a achinyamata oukira dongosolo. Chonsecho Teen Spirit anali mafuta opaka kukhwapa opangira atsikana. Nyimbo imene anthu anadzaitcha fuko la m'badwo wonse inatchedwa dzina la mafuta oletsa fungo la thukuta, mwini wake asakudziwa.

Ndipo njira ija ya phee kenako phokoso si iye anaiyambitsa. Cobain anavomera yekha kuti ankayesa kutengera gulu la Pixies la ku Boston limene ankalikonda kwambiri. Ngakhale solo ya gitala m'nyimbomu ilibe matama: imangobwereza kayendedwe ka mawu a vesi. Aliyense amene wagwira gitala miyezi itatu akhoza kuiimba. Mwina n'chifukwa chake ana ambiri padziko lonse atamva anati, "Nanenso ndikhoza."

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinadzachizindikira pambuyo pake. Phokoso limene lija ndi lochapidwa ndi kusitidwa. Vig anamunyengerera Cobain kuti aimbe mawu kawiri n'kuwasanjikiza kuti anenepe, akumukumbutsa kuti John Lennon ankachitanso chimodzimodzi. Magitala anawasanjikizanso. Kenako Andy Wallace anasakaniza zonse kuti ziwale pa wailesi. Cobain mwini anadzadandaula kuti chimbalecho chinasalala mopitirira. Ine sindigwirizana naye, ndimaikonda momwe ilili. Koma madandaulo akewo ndi amene anandipangitsa kufuna kudziwa kuti anyamatawa ankamveka bwanji asanawadzoze mafuta. Yankho ndinalipeza ku London.

Tsiku limodzi, nyimbo zinayi

Ku Britain kunali muulutsi wina wa BBC Radio 1 dzina lake John Peel, amene anakhala pa wailesiyo kuyambira 1967 mpaka imfa yake mu 2004. Kale BBC inkamangidwa ndi mgwirizano wotchedwa needle time, umene unkaika malire a maola amene wailesi ingaike nyimbo za m'zimbale. Cholinga china chinali kuteteza ntchito za oimba, kuti wailesi isamangozunguza zimbale iwo ali pa ulova. Ndiye kuti idzaze nthawi yotsalayo, BBC inkaitana magulu kuti adzaimbe mu situdiyo zake. Lamulolo linadzatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma mwambo unatsala, ndipo ma session a Peel anafika m'masauzande.

Kachitidwe kake kanali kosavuta koma kouma mtima. Gulu linkafika ku Maida Vale, nyumba ya BBC ku London imene poyamba inali bwalo lotsetserekapo ndi nsapato za matayala. Linkapatsidwa tsiku limodzi lokha: kujambula, kusakaniza, kutseka. Kawirikawiri nyimbo zinayi. Palibe zoti tibwerenso mawa mawu akakhala bwino. Chimene mwatulutsa tsiku limenelo ndi chimene dziko limve.

Nirvana inachita ma session anayi ku BBC, atatu a Peel ndi imodzi ya Mark Goodier. Tsopano imvani chimene chimandisangalatsa: m'ma session onsewo, "Smells Like Teen Spirit" mulibe. Ngakhale awiri omaliza, amene anachitika mu nyengo yeniyeni ya nyimboyo.

Yoyamba inali mu October 1989, ali anyamata osadziwika oyenda m'kavani kothithikana, ng'oma akuimba Chad Channing. Anaimba "Love Buzz", "About a Girl", "Polly" ndi "Spank Thru".

Yachiwiri, ya October 1990, ndiyo yapamtima panga. Grohl anali atangolowa kumene. Gulu lina lililonse likanagwiritsa ntchito mwayi woterewu kutsatsa nyimbo zake. Iwo sanaimbe yawo ngakhale imodzi. Anaimba ziwiri za The Vaselines, kagulu ka ku Scotland kamene anthu ambiri sankakadziwa, "Molly's Lips" ndi "Son of a Gun", kuwonjezapo "Turnaround" ya Devo ndi "D-7" ya Wipers. Zili ngati munthu wapatsidwa mphindi zisanu pa wailesi kuti alengeze bizinesi yake, iye n'kuzithera kutamanda mandasi a mayi wa pakona. Mverani "Molly's Lips": makodi awiri, siikwana ndi mphindi ziwiri zomwe, ndipo chimwemwe chake chimachita kutayikira. Munthu amene ndinkamudziwa ndi kukuwa kwa ululu apa akumveka ngati kamnyamata kamene kabwereka njinga. Ankawakonda a Vaselines mpaka mwana wake wamkazi anamutcha Frances, dzina la Frances McKee wa m'gululo.

Yachitatu inali pa 3 September 1991, patangotsala sabata kuti single ija ituluke. Nthawi yabwino yoitsatsa, eti? Iwo anaimba "Drain You", kenako "Dumb", nyimbo yofatsa imene sinatuluke pa chimbale mpaka In Utero mu 1993, n'kumalizira ndi "Endless, Nameless", chiphokoso chopanda mutu ndi mchira chimene pa Nevermind anachibisa kumapeto patadutsa mphindi zingapo za zii.

Yachinayi, ya Goodier, inali mu November 1991, "Teen Spirit" ili kalikiliki kukwera matchati. Apa ndi pamene anatembenuza malaya awo kunja kukhala m'kati. "Polly", imene pa chimbale ndi ya gitala yopanda magetsi, anaithamangitsa ngati yaba chinthu. "Something in the Way", imene pa Nevermind Cobain amachita kunong'ona, ija ambiri a inu munaimva mu filimu ya The Batman ya 2022, apa anaipatsa magitala olemera ngati thumba la simenti. Anaimbanso "Been a Son". Ndipo anaimba "Aneurysm".

Nyimbo ya kuseri

"Aneurysm" ndi imodzi mwa nyimbo zimene anaziika kuseri kwa single ya "Teen Spirit". Kale single inkakhala ndi mbali ziwiri, yapamwamba ya nyimbo yotsatsidwa ndi yakuseri ya zotsalira. Dzinalo ndi la matenda, pamene mtsempha wa magazi wafufuma moti ukhoza kuphulika, ndipo nyimboyo imayendadi choncho. Imayamba ndi kuthamanga, gitala n'kumakwera, kukwera, ng'oma zikuunjikana, mpaka umachita kugwira mpweya. Pamene ukuyembekezera kuphulika, imabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuyenda mwaulesi, molemera, ngati lole yokwera chitunda. Kenako ndi pamene mawu amalowa.

Ya pa single ija anaijambula ku Seattle kumayambiriro kwa 1991 ndipo ndi yabwino. Koma ya ku BBC, imene inadzatuluka pa chimbale cha Incesticide mu December 1992 pamodzi ndi zina za m'ma session amenewa, ndi imene imandiimitsa tsitsi. Ndi gulu limene lakhala pa msewu miyezi, likuimba usiku ndi usiku, moti aliyense akudziwa pamene mnzake apumire. Ng'oma za Grohl zikugunda ngati ali ndi ngongole nazo, mawu ake akumveka kumbuyo kuthandizira, ndipo Cobain akukoka mawu mpaka pamene akuthera. Mukafuna kudziwa chifukwa chake anthu amene anawaonera pamaso salekeza kuwakamba, yambirani pamenepo.

M'mwezi womwewo wa November anakaonekera pa Top of the Pops, pulogalamu ya pa TV ya BBC, pomwe anawauza kuti zida azingonamizira kuimba, mawu okha ndiwo akhale enieni. Apa ndiye "Teen Spirit" anaiimba, koma mwachipongwe: Cobain anatsitsa mawu ngati wa besi mu kwaya ya maliro, manja akungoyendayenda pamwamba pa gitala osaikhudza bwino, Novoselic akuzunguza besi m'mwamba. Mukaziika pamodzi ziwirizi mumamvetsa anthu ake. Powauza kuti anamizire, anachita chipongwe. Powapatsa chipinda, maikolofoni ndi tsiku limodzi, anapereka mtima wonse.

Zimene adadi anandiuza

Amayi nyimbozi sanazilandire. Tsiku lina mahedifoni atathothoka pa foni, "Aneurysm" inalira nyumba yonse. Anatulukira kukhitchini mthiko uli m'manja. "Iwe, zimenezi ndi nyimbo kapena munthu akumupha? Usatibweretsere mizimu m'nyumba muno." Ndinayesa kufotokoza, koma pamene mayi wagwira mthiko si nthawi ya maphunziro a mbiri ya rock.

Adadi ndi amene anandidabwitsa. Madzulo ake anandifunsa kuti chimene ndimamvamo n'chiyani. Nditawafotokozera za Maida Vale ndi tsiku limodzi lija, anaseka. "Ndiye chachilendo n'chiyani pamenepo? Mesa ndi mmene zinkakhalira ku MBC." Anandikumbutsa kuti kale, situdiyo za anthu wamba zisanachuluke, oimba ambiri a kuno ankajambulira nyimbo zawo ku wailesi. Gulu lonse kulowa, kuima mozungulira maikolofoni, kuimba limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wina akalakwitsa, mwina mubwereze nonse, mwina cholakwikacho chikhale momwemo mpaka kalekale. Anati n'chifukwa chake nyimbo za nthawi imeneyo ukamazimvera umachita kuona anthu ake.

Nirvana sanaikonde, ndisaname. Anamvera theka la "Son of a Gun" n'kunena kuti woimba ng'omayo ali ndi mphamvu koma akufunika kudya kaye kuti mtima ukhale pansi. Koma tinakhala pakhonde mpaka mdima tikukamba za nyimbo, ndipo aka kanali koyamba chimalizireni sukulu kucheza nawo popanda nkhani ya ntchito kulowapo.

Chimene ndinatengapo

Pano ntchito ndinaipeza, yolembera makampani timawu ta pa intaneti. Tsiku lonse ndimakhalira kusalaza ziganizo mpaka zitasiya kununkha munthu. Ndi mmenenso tonse tikukhalira pa mafonipa: chithunzi kujambula kakhumi, kusankha chimodzi, kuchipaka fyuluta, kenako kuchichotsa chifukwa ma like achepa. Ndili ndi anzanga oimba bwino kwambiri amene nyimbo zawo zakhala mu laputopu zaka zitatu, akuti sizinapse. Inenso ndili ndi nkhani zanga zimene ndakhala ndikuzikonza chimalizireni koleji.

Sindikunena kuti kusalaza n'kulakwa. Popanda ntchito ya Vig ndi Wallace, "Teen Spirit" sikanafika pa wailesi za dziko lonse, tisheti ija sikanasindikizidwa mamiliyoni, ndipo imodzi mwa izo sikanadzagwera pa mulu wa kaunjika kwathu kuno. Single ija ndi imene inandikokera m'nyumba. Koma chimene chinandikhazika ndi ma session aja, pomwe anthu atatu anapatsidwa maola owerengeka n'kusiya chinthu chimene chikupumabe patapita zaka zoposa 30. Danga lino limene mukuwerengali ndinalipempha kwa akonzi nditamvera "Molly's Lips" m'mawa wina n'kudzifunsa kuti, ngati makodi awiri akukwana, ine ndikudikira chiyani?

Pali mbali ina imene sindingaidumphe. Kurt Cobain anadzipha mu April 1994 ali ndi zaka 27, atalimbana nthawi yaitali ndi mankhwala osokoneza bongo, matenda a m'mimba ndi kuvutika maganizo. Anasiya mkazi ndi mwana wosakwana zaka ziwiri. Pa intaneti mudzapeza anthu okamba za imfa imeneyi ngati ndi mbali ya luso lake, ngati ndi imene inamupanga kukhala wamkulu. Bodza limenelo. Munthu amene akusangalala mu "Molly's Lips" uja akanatha kutipatsa zimbale zina khumi. Grohl, amene anatsala, anayambitsa Foo Fighters ndipo akuimbabe mpaka lero. Nyimbo yaphokoso imathandiza kutulutsa nthunzi, ine ndine mboni. Koma ngati chimene chili mumtima mwanu chikulemera kuposa mmene mahedifoni angachinyamulire, uzani munthu: mnzanu, m'bale, abusa kapena a shehe, achipatala. Ine chimene chinandipepuza kwenikweni chaka chija si gitala, ndi madzulo aja pakhonde.

Mukafuna kuyesa, musawononge bandulo yambiri. Yambani ndi "Smells Like Teen Spirit" ya pa chimbale, voliyumu yokwera ndithu koma mosamala makutu. Kenako pitani pa Incesticide mumvere "Aneurysm", "Molly's Lips" ndi "Son of a Gun". Mukatero sakani "Something in the Way" ya BBC, imene inatuluka pa Nevermind ya chikumbutso cha zaka 20 mu 2011, muiyerekeze ndi ya mu filimu ija. Zonse pamodzi sizikwana theka la ola. Mukapanda kuzikonda palibe mlandu, amayi anga ali kumbali yanu.

Tisheti ija ilipobe, kankhope kachikasu kanayamba kusweka ndipo kukhwapa kunabooka. Ndimaivalabe ndikamakwera minibasi, mwina tsiku lina n'kudzakumananso ndi bambo a imvi aja. Ndili nawo ngongole ya yankho: "Aneurysm", bambo, koma ya ku BBC.